Makalata Ofunsira Ntchito ya Uphunzitsi wa Chingerezi: Yotaya ndi Iti, Yosunga ndi Iti?

KASUNGU — Sukulu ikalengeza kuti pali mpata wa ntchito ya uphunzitsi wa Chingerezi, makalata amene amafika patebulo la mphunzitsi wamkulu sakhala a mtundu umodzi. Ena amabwera mu envulopu ya khaki, olembedwa pamanja papepala lothothola m'kope. Ena amafika pa imelo kuchokera ku London, Harare kapena Nairobi, otayipidwa bwino, chithunzi cha mwini wake chili pangodya. Masiku ano palinso ena amene si makalata n'komwe, koma uthenga wa mizere iwiri pa WhatsApp wongofunsa kuti malipiro ake ndi ndalama zingati.

Komiti yolemba anthu ntchito imayenera kupatula makalatawa m'masiku owerengeka, ndipo zolakwika zambiri zimachitikira pomwepa. Kalata yooneka yonyozeka imatayidwa isadawerengedwe, pamene yooneka bwino, makamaka ikachokera kunja, imadutsa popanda woifunsa mafunso. Chofunika kwa akuluakulu a zamaphunziro, eni sukulu ndi mamembala a makomiti ndi kudziwa kusiyanitsa kalata imene ikungoonetsa umphawi wa woilemba ndi kalata imene ikuonetsa kusasamala kapena chinyengo. Muyeso wosiyanitsirawo uyenera kukhala umodzi, kaya wofunsayo ndi wa ku Wimbe kaya wa ku Manchester.

Zimene dera la Wimbe lidaona

M'dziko muno mulibe dera limene laona mbali zonse ziwiri za nkhaniyi kuposa la Wimbe, kum'mawa kwa boma la Kasungu. Ku Mtunthama, pafupi ndi Wimbe, ndi kumene mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr Hastings Kamuzu Banda, adatsegula sukulu ya Kamuzu Academy m'chaka cha 1981. Ophunzira adali ana a Amalawi osankhidwa kuchokera m'maboma onse malinga ndi m'mene akhozera mayeso, ndipo sankalipira. Aphunzitsi okha ndiwo ankachokera kunja, makamaka ku Britain, pakuti Dr Banda sadafune kuti Mmalawi aphunzitse pasukulupo m'zaka zoyambirirazo. Chilatini ndi Chigiriki adali maphunziro okakamiza kwa mwana aliyense.

Choncho sefa yoyamba padali dziko limene munthu wachokera. Mmalawi wa digiri ya ku Chancellor College, ngakhale akadalemba kalata yopanda chilema, sakadaitanidwa. Zinthu zidasintha chisankho cha 1994 chitachitika ndiponso Dr Banda atamwalira mu 1997. Sukuluyi idayamba kudalira fizi ya makolo, ndipo Amalawi adayamba kuphunzitsa limodzi ndi anzawo ochokera kunja.

Mbali inayo idaonekera m'sukulu za boma za dera lomwelo. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi atsopano pafupifupi 20,000 amene adali asadapite kukoleji, n'kuwaphunzitsa kwa masabata ochepa chabe. Mu 1998 malo ophunzirira a maphunziro apakalata adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera masana, zimene zimadziwika kuti ma CDSS, ndipo ambiri mwa aphunzitsi ake adali ophunzitsidwira pulayimale. Kumeneku kudalibe mpata wosankha kwambiri. Amene wapezeka ndiye ankapatsidwa choko.

Imodzi mwa sukulu zoterezi ndi ya Kachokolo, kumene William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala adayamba Fomu 1 asadalekeze chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Mbiri yake ndi yodziwika: adabwereka buku lotchedwa Using Energy ku laibulale ya pasukulu ya pulayimale ya Wimbe, ndipo poti Chingerezi chinkamuvuta, adadalira kwambiri zithunzi za m'bukumo mpaka kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo. Adakayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, ndipo adatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014. Nzeru adali nazo kuyambira kale. Chimene chidali pakati pa iye ndi mabukuwo ndi chiyankhulo.

N'chifukwa chake mpando wa mphunzitsi wa Chingerezi ndi wolemera kuposa m'mene umaonekera pamndandanda wa ogwira ntchito. Mwana amene walephera Chingerezi sapata satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza masamu ndi sayansi, ndipo sangasankhidwe kupita kuyunivesite ya boma popanda kirediti ya phunziroli. Maphunziro ena onse a sekondale, kupatula a ziyankhulo monga Chichewa, amaphunzitsidwa ndi kulembedwa m'Chingerezi. Komiti ikasankha molakwika, chilango chimagwera mwana wa mlimi wa fodya amene makolo ake adagulitsa mbuzi kuti alipire fizi, ndipo zotsatira zake zimadzaoneka patapita zaka zinayi, osankha aja ataiwala kale.

Kalata yosauka si kalata yosasamala

Alimi a ku Kasungu amadziwa kuti fodya sagulidwa poona chiguduli. Kumsika wa Chinkhoma belo limatsekulidwa, ogula n'kusolola masamba a m'kati, chifukwa belo lina limakhala ndi fodya wabwino pamwamba pokha. Chimodzimodzinso belo losokedwa mosakongola likhoza kukhala ndi fodya wa giredi yapamwamba. Makalata ofunsira ntchito amafuna diso lotero.

Pali zinthu zimene makomiti ambiri amazitenga ngati kupanda ulemu chonsecho si choncho. Kalata yolembedwa pamanja ndi chimodzi. Munthu wokhala kumudzi kumene kulibe magetsi amayenera kukwera kabaza kapena minibasi kuti akapeze potayipira ndi posindikizira, ndipo ndalama yake ikhoza kukhala yomwe banja likadagulira ufa. Ngati chilengezo sichidanene kuti kalata ikhale yotayipa, palibe chifukwa choitayira. Kwa mphunzitsi, kalata yapamanja imathandizanso komiti, pakuti imaonetsa malembedwe amene ana adzawaone pabolodi ndiponso sipelo ya mwini wake popanda kompyuta yomukonzera.

China ndi mawu odzichepetsa kwambiri. Amalawi ambiri, makamaka achikulire, adaphunzitsidwa kuyamba kalata ndi mawu akuti "I beg to apply" ndi kutsiriza modzitcha wantchito womvera. Kalembedwe aka n'kakale, kochokera m'maofesi a nthawi ya atsamunda, ndipo mlendo amene ali m'komiti akhoza kukaona ngati kupempha chifundo. Si mlandu. Fotokope yosaoneka bwino nayonso si mlandu, bola nambala ya satifiketi ndi dzina zikuwerengeka. Satifiketi yeniyeni idzaonedwa patsiku la intavyu.

Kusasamala kuli ndi zizindikiro zake. Kalata imene yalembedwa dzina la sukulu ina, chifukwa mwini wake adangotumiza imodzimodziyo kumalo makumi awiri osasintha kanthu. Kalata yosatchula ntchito imene ikufunsidwa. Kalata yolembedwa ngati uthenga wa pafoni, "u" m'malo mwa "you", popanda chilembo chachikulu kapena mpumiro. Imelo yopanda mawu alionse, yongokhala ndi CV yomata, yochokera ku adiresi ya dzina lachibwana. Chithunzi chojambulidwa kunyanja kapena kuphwando, chochotsedwa pa Facebook. Kalata imene ndime yake yoyamba ikufunsa za nyumba, tchuthi ndi tikiti ya ndege, osanenapo kanthu za ana kapena silabasi. Zonsezi sizidalira chuma cha munthu. Wolemera ndi wosauka yemwe angathe kuzipewa pongowerenga chilengezo kawiri.

Nanga zolakwika za Chingerezi chenichenicho? Apa komiti iyenera kuuma mtima kuposa m'mene ingachitire pa ntchito ina iliyonse. Dalaivala kapena mmisiri wa mipope akalakwitsa galamala m'kalata, ntchito yake siionongeka. Koma kalata ya mphunzitsi wa Chingerezi ndi chitsanzo cha katundu amene akugulitsa. Ngakhale zili choncho, zolakwika zimasiyana. Chilembo chimodzi chodumphidwa ndi ngozi ya dzanja. Koma ngati mneni sakugwirizana ndi mwininkhani m'ziganizo zitatu zotsatizana, kapena nthawi ya aneni ikusinthasintha m'ndime imodzi, kapena "l" ndi "r" zikusinthana polemba mpaka "pray" kusanduka "play", limenelo ndi vuto lokhazikika limene lidzalowa m'makope a ana. Kusinthanitsa zilembo ziwirizi poyankhula n'kofala pakati pa oyankhula Chichewa ndipo sikuyenera kumugwetsa munthu. Polemba ndi nkhani ina.

Njira yabwino ndi yoti komiti igwirizane za muyeso isadatsekule envulopu ngakhale imodzi. Ilembe papepala zinthu zimene zikasowa kalata igwa pomwepo, monga maphunziro oyenera, kutchula ntchito, mayina a anthu oikira umboni ndi kufika tsiku lotsekera lisadakwane, ndi zina zimene zingangochotsetsa malikisi. Muyeso wopangidwa makalata atawerengedwa kale kawirikawiri umasokedwa molingana ndi thupi la munthu amene wina m'komitimo akumufuna.

Makalata ochokera kunja

Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mbiri ya maphunziro m'dziko muno ikuvomereza. Aphunzitsi odzipereka a bungwe la Peace Corps la ku America adayamba kufika mu 1963, a ku Japan mu 1971, ndipo a VSO ya ku Britain aphunzitsa m'sukulu zambiri. Koma anthu amenewa amasefedwa kwawo asadakwere ndege, ndipo pali ofesi yoti n'kukadandaulako zikavuta. Sukulu imene yalengeza yokha pa intaneti ilibe chitetezo chotere. Sefa yonse ndi komiti yomweyo.

Cholakwika chofala m'makalata ochokera kunja ndi kuganiza kuti kubadwira m'Chingerezi ndi satifiketi. Wofunsa amalemba kuti Chingerezi ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho, kuti wakhala akulakalaka kudzaona Africa, ndiponso kuti amakonda ana, basi kalata yathera pomwepo. Komiti idzifunse ngati ingalembe ntchito munthu wa ku Dowa kuti aphunzitse Chichewa cha Fomu 4 pachifukwa chokha choti adayamwira Chichewa. Kuyankhula chiyankhulo ndi kwina, kufotokozera mwana chifukwa chake chiganizo chalakwika ndi kwina, ndipo kuyendetsa kalasi ya ana ochuluka amene akugawana buku limodzi anthu angapo ndi kwinanso.

Masatifiketi a kunja nawo amafunika kuwamvetsa. Mawu oti TEFL amangotanthauza kuphunzitsa Chingerezi kwa anthu a chiyankhulo china, ndipo palibe bungwe limodzi padziko lonse limene limayang'anira onse opereka satifiketi ya dzinali. Ina imapezeka munthu atangowerenga pa intaneti kwa masiku ochepa osaimapo pamaso pa wophunzira. Pali ena odziwika bwino, monga CELTA ya Cambridge ndi CertTESOL ya Trinity College London. CELTA imatenga maola pafupifupi 120, ndipo mwa amenewa muli maola 6 ophunzitsa kalasi yeniyeni woyesa akuonerera. Komabe idakonzedwa makamaka poganizira ophunzira akuluakulu, ndipo silingana ndi digiri kapena dipuloma ya uphunzitsi ya ku Domasi, Nalikule, Mzuzu University kapena University of Malawi, imene munthu amaithera zaka ndipo amakaphunzitsa teremu pasukulu. Funso lofunsa pa satifiketi iliyonse ndi lakuti: adapereka ndani, idatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo mwini wake adaphunzitsapo ana enieni wina akumuyesa? Pa madigiri a kunja, bungwe la National Council for Higher Education, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, lakhala likuthandiza kuunika ngati sukulu yopereka digiriyo ndi yovomerezeka.

Amalawi ofuna kukaphunzitsa Chingerezi kunja amaudziwa ululu woyesedwa ndi pasipoti. Ku South Korea, mwachitsanzo, chilolezo cha aphunzitsi a Chingerezi chakhala chikuperekedwa makamaka kwa nzika za mayiko 7: America, Canada, Britain, Ireland, Australia, New Zealand ndi South Africa. Mmalawi amene waphunzira m'Chingerezi kuyambira pulayimale mpaka kuyunivesite sawerengedwa. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti sukulu za kuno zitengere muyeso womwewo n'kumaugwiritsa ntchito pa ana a dziko lino, kukhululukira mlendo kalata ya mizere itatu pamene Mmalawi akumugwetsa chifukwa cha envulopu.

Palinso za malamulo. Mlendo sangagwire ntchito m'dziko muno ndi chilolezo chongochezera. Pamafunika chilolezo chogwirira ntchito cha TEP chochokera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko, ndipo amene amachifunsira ndi wolemba ntchito, yemwe amayenera kusonyeza chifukwa chake mpatawo sungadzazidwe ndi Mmalawi. Pa phunziro la Chingerezi, limene makoleji athu amatulutsa aphunzitsi ake chaka ndi chaka ndipo ena akukhala pakhomo kudikira ntchito, chifukwacho chiyenera kukhala chomveka. Kalata yonena kuti mwini wake ali kale kunyanja ngati mlendo wokaona malo ndipo akhoza kuyamba Lolemba likudzali iyenera kuyankhidwa momveka kuti zinthu siziyenda choncho.

Kalata yokongola imene ili yoopsa

Kalata yosalongosoka imangotayitsa nthawi. Yoopsa ndi ija yosalala, yopanda cholakwika, koma yobisa kanthu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Choyamba kuyang'ana ndi zaka. Munthu akasintha sukulu ndi mayiko chaka chilichonse, kapena akachoka pakati pa teremu, kapena pakakhala zaka ziwiri zimene CV sikunena kumene adali, komiti ifunse. Mayankho abwino alipo, monga matenda, maphunziro, kulera mwana kapena kutha kwa kontirakiti, koma ayenera kunenedwa ndi kutsimikizidwa. Chachiwiri ndi anthu oikira umboni. Ngati pamndandanda palibe mphunzitsi wamkulu wa sukulu imene munthuyo wachokera, koma abwenzi, abale kapena mtsogoleri wa mpingo yekha, pali funso. Kalata ya umboni imene wofunsa wabwera nayo m'manja si yokwanira. Komiti ipeze yokha nambala kapena imelo ya sukuluyo, osadalira imene yalembedwa pa CV, ndipo ifunse mafunso awiri osazungulira: kodi mungamulembenso ntchito, nanga padakhalapo dandaulo lokhudza ana?

Funso lachiwirili si lamwambo chabe. Mu 2014 dziko lidadzidzimuka ndi nkhani ya William Vahey, mphunzitsi wa ku America amene adaphunzitsa m'sukulu za ana a mayiko osiyanasiyana kwa zaka pafupifupi 40 ndipo adachitira nkhanza ana aamuna ambiri. Munthuyu adamangidwapo ku California mu 1969 pamlandu wokhudza ana, koma sukulu zimene zidamulemba ntchito pambuyo pake sizidadziwe. Ankatengedwa ngati mphunzitsi wabwino ndi wokondedwa. Phunziro lake ndi loti wolakwa amathawira kumene safufuza, ndipo sukulu ya kumudzi yokondwera kuti yapeza mzungu ndi malo otero. Komiti ili ndi ufulu wofunsa kalata ya apolisi ya dziko lililonse limene munthuyo wakhalako. Kwa ochokera ku Britain pali satifiketi ya International Child Protection Certificate, imene idakonzedwera ntchito yomweyi. Mmalawi naye abweretse kalata ya apolisi a kuno. Lamulo loteteza ana la 2010 silisiyanitsa wolakwira mwana potengera khungu.

Satifiketi zachinyengo ndi vuto la kuno komwe. Ya MSCE itsimikizidwe ku MANEB, dipuloma ndi digiri kukoleji imene idapereka. Lamulo la maphunziro la 2013 lidakhazikitsa bungwe la Teachers Council of Malawi kuti lizilembetsa aphunzitsi ndi kuwapatsa ziphaso, choncho komiti ifunse za kulembetsaku. Kupereka satifiketi yabodza ndi mlandu wa kupolisi, osati nkhani yongobweza kalata mwakachetechete kuti munthuyo akayesere sukulu ina.

Ndiye pali kalata imene imabwera ndi mthenga. Foni yochokera kwa bwana wina yonena kuti mwana wa mlongo wake wafunsira nawo, kapena envulopu yokhala ndi kenakake koonjezera. Mwa makalata onse osayenera, iyi ndiyo imavuta kwambiri kwa wogwira ntchito m'boma, chifukwa woitumiza nthawi zina ndi amene amasainira za kukwezedwa kwake. Lamulo lothana ndi katangale la 1995, limene lidakhazikitsa bungwe la ACB, limaletsa kupereka ndi kulandira komwe. Membala wa komiti amene ali pachibale ndi wofunsa anene poyera, atuluke m'chipindamo, ndipo zilembedwe m'maminitsi. Chishango cha wapampando ndi pepala la muyeso lija: akhoza kuyankha bwanayo mwaulemu kuti malikisi adaperekedwa ndi anthu anayi aliyense payekha ndipo mafomu ali m'faelo.

Kalata siikwaniranso payokha

Kuyambira kumapeto kwa 2022, pamene ChatGPT ndi makina ena otere adafala, kalata yosalala yasiya kukhala umboni wa luso. Munthu aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo akhoza kutulutsa ndime zinayi zopanda cholakwika m'mphindi imodzi. Makalata otere amadziwika ndi kufanana kwake: amatamanda sukulu ndi mawu oti angagwire pasukulu iliyonse padziko, osatchula buku limodzi la pasilabasi kapena kalasi imene mwini wake adaphunzitsapo. Kugwiritsa ntchito makinawa si mlandu, koma zikutanthauza kuti komiti imene ikugwetsa kalata yapamanja ya zolakwika ziwiri n'kudutsitsa yotayipa yopanda cholakwika ikhoza kukhala ikupereka mphotho kwa mwini foni osati kwa mphunzitsi.

Mankhwala ake ndi otchipa. Onse oitanidwa akhale m'chipinda chimodzi, mafoni atasiyidwa panja, alembe chimangirizo cha tsamba limodzi. Kenaka apatsidwe chimangirizo cha mwana wa Fomu 2, dzina litafufutidwa, kuti achichonge ndi kulemba ndemanga. Ntchito yachiwiriyi imaulula zambiri kuposa intavyu ya ola lathunthu: amene sadziwa galamala amadumpha zolakwika, amene alibe mtima wa uphunzitsi amafiiritsa pepala lonse osamuuza mwana poyambira. Pomaliza aphunzitse kalasi yeniyeni kwa mphindi 20. Kwa wofunsa wa kunja, zonsezi zingachitike pa vidiyo, kamera ili yoyaka, ndipo komiti imvetsere ngati ana a Fomu 1 ochokera kumudzi angamve katchulidwe ndi liwiro lake. Mlendo woyankhula mothamanga m'katchulidwe ka kwawo akhoza kutha teremu yonse ana akungogwedeza mitu mwaulemu osatolapo kanthu.

Lamulo la ntchito la 2000 limalolanso nthawi yoyeserera kwa wantchito waluso, yosapitirira miyezi 12. Mphunzitsi wamkulu aigwiritse ntchito polowa m'kalasi ndi kuona makope, osati kungodikira kuti ithe.

Zimene malamulo amayembekezera kwa wokana

Aphunzitsi a sekondale za boma amalembedwa kudzera ku Teaching Service Commission, pamene sukulu za mishoni ndi zoima pazokha zili ndi mabodi awo, ndipo m'madera ambiri makomiti a makolo amalemba aphunzitsi othandizira ndi ndalama zosonkha. Onsewa ali pansi pa gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino ndi gawo 5 la lamulo la ntchito, amene amaletsa tsankho potengera mtundu, khungu, chiyankhulo, chipembedzo, ndale, ulumali kapena kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Kukana munthu chifukwa kalata yake ndi yosalongosoka n'kololedwa. Kukana chifukwa dzina lake likumveka la chigawo china, kenaka n'kunamizira kalata, n'kulakwira lamulo. M'maofesi a boma mulinso lamulo la 2013 loona kuti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, limene limati polemba ntchito mbali imodzi isachepere 40 kapena kupitirira 60 pa 100 alionse.

Gawo 43 la malamulo aakulu limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa polemba pamene chiganizo cha ofesi ya boma chakhudza zofuna zake. Choncho pakalata iliyonse yokanidwa pakhale chifukwa cholembedwa, ngakhale mzere umodzi: adalibe phunziro la Chingerezi padipuloma, kalata idafika mochedwa, sadapereke oikira umboni. Mawu oti "sadatisangalatse" sangaime pamaso pa ofesi ya Ombudsman kapena bwalo la milandu ya zantchito.

Chizolowezi cholemba pansi pa chilengezo kuti okhawo osankhidwa ndi amene adzayankhidwe n'chomveka pamene makalata ali mazanamazana, koma pasukulu imodzi imene yalandira makumi atatu, uthenga waufupi wa pafoni sungasaukitse ofesi. Yankho likhale lalifupi ndi laulemu, losalowa m'mkangano. Amene wabweza mawu achipongwe asayankhidwenso. Uthenga wake ungosungidwa m'faelo. Ndipo kalata, ngakhale yoseketsa chotani, si yojambula n'kutumiza pagulu la WhatsApp la aphunzitsi. Muli dzina, nambala ya foni ndi mbiri ya munthu, zimene lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024 likufuna kuti zisungidwe mosamala, ndipo m'dera laling'ono ngati Wimbe chithunzicho chimafika kwa mwini wake dzuwa lisadalowe.

Pomaliza, makomiti adziyang'anenso okha, chifukwa makalata ambiri osalongosoka amabadwa ku chilengezo chosalongosoka. Chilengezo chimene sichitchula makalasi ophunzitsa, maphunziro ofunika, zoyenera kutumiza ndi tsiku lotsekera chimaitana aliyense. Chopita kunja chinene zoona za malo: kuti sukulu ili patali ndi tawuni, kuti magetsi amazimazima, kuti m'nyengo ya dzinja msewu umavuta, kuti malipiro ndi a makwacha, ndiponso kuti umboni ndi kalata ya apolisi zidzafufuzidwa. Ofuna tchuthi chaulere ndi obisa mbiri ambiri amabwerera pomwepo. Ofesi ya zamaphunziro ya chigawo chapakati chakum'mawa, imene ili pa boma la Kasungu, pamodzi ndi makoleji a uphunzitsi, angathandizenso poonetsetsa kuti wophunzira aliyense asadatuluke walembapo kalata yofunsira ntchito ndi CV, mphunzitsi wake n'kuzichonga ndi inki yofiira ngati ntchito ina iliyonse ya m'kalasi.